Kodi Mendulo Imakula?

Moni nonse amayi ndi abambo a pagulu lino, amene timadziwana ndi amene sitinaonanepo. Mtendere wa Ambuye ukhale m'makomo mwanu. Ine ndine mayi a Tere, ndimakhala kufupi ndi Nkaya, kumene njanji zimakumana. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, ndiye mukaona polakwika mungondikhululukira, chachikulu mumve zimene Mulungu anandichitira. Ndakhala ndikuwerenga maumboni a anzanga pano, ena a ntchito, ena a mabanja, ndipo mtima wakhala ukundikankha kuti nanenso ndinene wanga. Wangawu ndi wa mwana, chotupa, lezala ndi chithunzi cha pafoni. Pamene ndikulemba pano mwanayo ali pabwalo akuthamangitsa anapiye, ine ndikulemba uku ndikumwetulira, koma sabata imene ndikufuna kukuuzaniyo kumwetulira kunalibe iyayi.

Tere ndi mwana wanga woyamba, dzina lonse ndi Terezia. Anabadwa wosalala thupi lonse, koma patapita masabata atatu ndinaona kadontho kofiira pachifuwa, m'munsi mwa khosi cha kumanzere. Ndinkayesa walumidwa ndi udzudzu. Kadonthoko sikanachoke. Kanayamba kutukuka pang'onopang'ono, kofiira ngati phwetekere wakupsa, kofewa ukakakhudza. Mwana sankalira nako, ankayamwa bwino, ankagona bwino, koma ine maso anga sankachoka pamenepo. Pomusambitsa ndiyang'ane, pomuyamwitsa ndiyang'ane, ngakhale ali kumsana ndinkamutsitsa pakati pa njira kuti ndiyang'anenso. Ine ndine wamantha chibadwire, mwana akangoyetsemula kawiri ndayamba kale kufuna buku la kuchipatala.

Ndikuuzeni kaye za apongozi anga, chifukwa mukapanda kuwadziwa mudzawaweruza molakwa. Mayi anga anamwalira ndili wamng'ono, amalume ali kutali ku minda ya fodya, ndipo bambo a Tere anapita ku Joni mimba ili ndi miyezi isanu. Amene anabwera kudzandidikirira pobereka ndi apongozi, kuchokera kwawo ku Liwonde, kutsidya kwa Shire. Anandiphikira phala, anandichapira, anandithowa ndi madzi otentha ngati mwana wawo. Tsiku lotuluka m'chikuta anavula mendulo ya Amayi Maria imene inali pakhosi pawo, yaing'ono, yosalala chifukwa cha zaka, anaimanga pa kachingwe n'kuveka Tere. Anati, "Iyi isachoke pakhosi pa mdzukulu wanga." Ndipo sinachokedi.

Tere ali ndi miyezi itatu ndinapita naye kuchipatala ku Balaka. Adokotala anayang'ana, anayeza ndi karula kakang'ono, analemba m'buku zachingerezi zopotokapotoka zija. Kenako anandiuza modekha kuti zotupa zotere zilipo, ndi timitsempha ta magazi tounjikana, zimakula pang'ono miyezi yoyamba, kenako zimaima, kenako zimafota zokha mwana akamakula. Anabwereza kawiri kuti chisatemedwe, chisaboolodwe, chifukwa magazi ake savuta kuyamba kutuluka koma amavuta kuleka. Anatinso chikayamba kukula msangamsanga kapena kuchita bala, ndibwere mwachangu, mwina adzatitumiza kuchipatala chachikulu. Pomaliza anati ndizijambula pafoni nthawi ndi nthawi, chifukwa maso amene amaona mwana tsiku lililonse sazindikira kusintha. Ananena mawu ambiri olimbikitsa, koma ine ndinanyamula awiri okha: chikakula msanga, ndi chipatala chachikulu.

Tsiku lomwelo nditafika kunyumba ndinagoneka Tere pamphasa, ndinaimirira, ndinamujambula ndi kafoni kanga kakale kosweka pakona. Chithunzicho chinatenga mwana yense kuyambira kumutu mpaka m'mawondo, ndi mphasa yomwe, ndi phazi langa. Ndinakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, pamene netiweki imagwira bwino, ndinatumiza kwa bambo ake. Anayankha kuti, "Kakang'ono aka, musadandaule." Ndinapuma.

Patapita miyezi itatu bambo a Tere ananditumizira foni yatsopano kudzera kwa anthu onyamula katundu aja. Foni yaikulu inu, galasi lake ngati chikhatho changa chonse. Ndinasangalala, ndinajambula nkhuku, ndinajambula sitima ikudutsa, ndinajambula mbale. Kenako ndinakumbukira mawu a adokotala, ndinati tsopano ndijambule chotupa chija bwinobwino, bambo ake achione poyera. Ndinagwada, ndinayandikitsa foni pafupi kwambiri ndi chifuwa cha mwana, ndinajambula, ndinatumiza. Linali Lachiwiri m'mawa.

Masana ake kunabwera chithunzi kuchokera ku Joni. Bambo a Tere ali ndi kapulogalamu pafoni kamene kamalumikiza zithunzi ziwiri kukhala chimodzi, chilichonse m'kabokosi kake, timabokosi tofanana toyandikana. Kumanzere anaika chithunzi chakale chija, kumanja chatsopano. Pansi pake panali mawu ojambula, ndinatsegula, ndinamva munthu akupumira m'mwamba ngati wathamanga. "Mayi a Tere, mwanayu mukumuona inu? Miyezi itatu yokha chafika apa? Mwakhala chete bwanji?"

Abale anga, ndinayang'ana chithunzicho. Kumanzere chotupa chinali kadontho. Kumanja chinali chinthu, chofiira, chonyezimira, chodzaza theka la kabokosi. Ndinathamangira kukhitchini, ndinatenga kamtengo ka machesi, ndinayeza pagalasi la foni penipenipo. Kumanzere mutu wa machesi unaphimba chotupa chonse. Kumanja ndinagoneka kamtengo, chotupa chinapitirira theka lake. Ndinayeza kachiwiri, kachitatu, ndinasintha kamtengo ngati kuti vuto linali machesi. Kenako ndinavula mwana malaya kuti ndione ndi maso anga, ndipo ndikukuuzani zoona, maso anga anagwirizana ndi foni. Ndinachiona chachikulu. Dzulo lake lomwe ndinamusambitsa osaona chachilendo, koma tsiku limenelo ndinachiona chikukula ndikuyang'ana.

Chithunzicho sichinathere kwa ine. Bambo a Tere anachitumiza kwa mlongo wawo ku Liwonde, mlongoyo anaonetsa apongozi, ndipo dzuwa lisanalowe nkhani inali itagamulidwa. Kupitirira Liwonde kuli bambo wina amene amatema mphini, anthu amati amatulutsa magazi oipa m'zotupa. Apongozi anati abwera Loweruka m'mawa, titenge mwana, tipite kumeneko. Ndinayesa kukumbutsa bambo a Tere kuti adokotala anakaniza kutema. Iwo anati, "Adokotala ananena chili chaching'ono. Achione pano anganenenso zomwezo? Mverani amayi."

Musawaone ngati ankhanza. Apongozi anataya mdzukulu wina zaka zapitazo, mwana wa mlamu wangayo, amene anadwala anthu n'kumati tidikire tione, mpaka anachedwa. Chichokereni pamenepo mawu akuti tidikire safuna kuwamva. Ndipo ine ndine ndani? Mtsikana wa zaka makumi awiri, wopanda mayi, woti nditsutse munthu amene anandithowa ndi manja ake? Kwathu kuno mpongozi salankhula ataimirira pamaso pa apongozi ake, nanji kunena kuti iyayi.

Mwina mufunsa kuti bwanji sindinathamangire kuchipatala Lachitatu lomwe. Ndinaopa. M'mutu mwanga munali kuti adokotala akangoona kuti chakula chotere atitumiza kuchipatala chachikulu, kumeneko mwana akamugoneka, akamung'amba. Uku lezala, uko mpeni. Ndinangouma pakati ngati mbuzi yaima panjanji, sitima ikuliza. Masiku awiri ndinkangoyenda ndi mwana m'manja, ndiwo zinapserera, madzi ndinatunga n'kuiwala ndowa pamjigo. Ndikamuyang'ana akuseka, akukoka mendulo yake n'kuika mkamwa, ndinkaona magazi pamalaya ake amene kunalibe.

Lachinayi masana ndinapita ku limana, kumene timasonkhana akhristu a mudzi wathu kupemphera. Sindinafotokoze zonse, ndinangoti mwana sali bwino. Amayi anayimba, anapemphera, ine ndinagwada kumbuyo pafupi ndi khomo. Mapemphero aatali sindidziwa. Ndinangoti, Ambuye, sukulu ndilibe, mayi ndilibe, mawu pamaso pa akuluakulu ndilibe. Loweruka likubwera. Ndipatseni chonena. Basi, pemphero langa linali lomwelo, ndinalibwereza mpaka anthu anayamba kudzuka. Sindinamve liwu lililonse, sindinaone kuwala kulikonse. Ndinatuluka ndi mantha omwe ndinalowa nawo.

Potuluka ndinapatula akatekisiti. Tere anali asanabatizidwe, tinalembetsa ubatizo wa pa Pasaka. Ndinawafunsa ngati n'zotheka kufulumiza. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anati mwana akakhala pangozi zimatheka, ndibwere Lachisanu madzulo tikambirane. Mumtima ndinali nditagonja kale. Ndinati ngati mwana wanga akupita ku lezala, apite wobatizidwa, atavala kadiresi kake koyera. Nsalu ya kadiresiko ndinali nditaisiya kale kwa telala ku Balaka mwezi wathawo. Ndiye Lachisanu m'mawa ndinabereka mwana, ndinakwera njinga yamoto, ulendo wokafulumizitsa diresi. Mvetsani bwino, sindinapite kukafuna thandizo. Ndinapita kukatenga chovala chotsanzikira.

Telalayo ndi Abiti Mussa, mayi wachiyao, Msilamu, wamkulu thupi, amasokera pakhonde la sitolo ina kuseri kwa msika. Magalasi awo anamangidwa ndi ulusi mbali imodzi, tepi yoyezera sichoka pakhosi pawo. Atandiona anasiya kupalasa makina.

"Ali uli, amao? Mwalawira bwanji? Pasaka wanu wasuntha chaka chino?"

Ndinati ndikufuna diresi lero lomwe, ngakhale lopanda maluwa.

"Lero? Bweretsani mwiniwake ndimuyezenso, ana awa amakula ngati maungu."

Ndinatsitsa Tere, iwo anamuvula kamalaya kuti tepi idutse bwino, ndipo anaona chotupa. Sanadzidzimuke. Anangofunsa kuti chimamupweteka kapena ayi. Funso laling'ono lomwelo linanditsegula ngati mpopi. Ndinalira pakhonde la eni ake, anthu akudutsa, a kabaza akutembenuka, ndinanena zonse mosakaniza, za Joni, za Loweruka, za lezala, za machesi. Ndinatulutsa foni, ndinawaonetsa timabokosi tiwiri tija.

Abiti Mussa anakankhira magalasi m'mwamba, anayang'ana foni, anayang'ana mwana, anayang'ananso foni. Ndinayamba kuopa kuti nawonso aona imfa. Kenako analoza ndi nsonga ya sizasi, osati pa chotupa, koma pambali pake.

"Mwanangu, kachitsulo aka kali pakhosi pa mwana, n'kamodzimodzi m'zithunzi zonse ziwiri?"

Ndinati eya, ndi mendulo, sinachokepo.

"Nanga taonani. Kuno kali ngati njere ya mapira. Kuno kali ngati chitsekerero cha botolo. Tandiuzani, ine za kutchalitchi sindizidziwa. Kwanuko mendulo imakula?"

Ndinayang'ana. Inu, masiku atatu ndinakhala ndikuyang'ana chithunzi chimenecho, kuyeza ndi machesi, kulira nacho, koma mendulo sindinaione. Inali pomwepo, m'timabokosi tonse tiwiri, pambali penipeni pa chotupa. Kumanzere kadontho kotuwa. Kumanja chimendulo chachikulu, mpaka nkhope ya Amayi Maria ikuoneka.

"Ngati imakula," anatero Abiti Mussa, "mundibwereke sabata imodzi, ndikaigoneke m'thumba langa la ufa."

Ndinaseka misozi ili m'masaya, kuseka kwa munthu amene sanamvetsebe koma waona kuti khomo lili pena. Iwo anandikhazika pa benchi, anandifotokozera ngati mwana wa sukulu. Anati foni ilibe nazo ntchito kuti chinthu n'chachikulu bwanji kunja kuno. Iyo imangofuna kudzaza kabokosi kake. Ukaipatsa chithunzi cha mwana yense ndi mphasa yomwe, imafinya zonse kuti zikwane. Ukaipatsa chithunzi cha kachifuwa kokha, imakoka kuti kabokosi kadzaze. Ndiye ukayeza pagalasi, ukuyeza kufinya ndi kukoka kwa foni, osati mwana. Anatsegula chithunzi chakale chija pachokha, anaika zala ziwiri pagalasi, anazitambasula, chotupa chinakula. Anazibweza, chinachepa.

"Wadwala. Wachira. Wadwala. Wachira. Mwaona? Ndine sing'anga tsopano, mundipatse nkhuku."

Anapendeketsanso foni chogona, chithunzi chinasinthanso msinkhu chokha popanda wochikhudza. Anati iwo anaphunzira zimenezi ndi manyazi. Mkwatibwi wina anawatumizira chithunzi cha nsalu ya maluwa, pafoni maluwawo ankaoneka ngati makabichi, iwo anakonza kadulidwe koti duwa limodzi likhale pachifuwa. Nsalu itafika, maluwa ake anali ngati a nandolo. Kuyambira pamenepo aliyense wowatumizira chithunzi cha nsalu amamuuza kuti aike bokosi la machesi pamwamba pake, apo ayi asatumize.

"Chithunzi chopanda mboni n'chabodza," anatero. "Mwayi wanu, mwanayu anajambulidwa ndi mboni yake pakhosi."

Kenako anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Anakoka chithunzi chakale mpaka mendulo inaoneka bwino, anadula kaulusi koyera kofanana ndi m'lifupi mwa mendulo ya pagalasiyo, anakagoneka pa chotupa cha m'chithunzi chomwecho. Kanakwana ndendende, mendulo imodzi. Anatsegula chithunzi chatsopano, anadula ulusi wina wofanana ndi chimendulo chachikulu chija, anaugoneka pa chotupa chachikulu chija. Mendulo imodzi, ndi kachidutswa kotsala. Pomaliza anasiya foni, anatenga mendulo yeniyeni pakhosi pa Tere, anaigoneka pa chotupa chenicheni. Inaphimba chonse, kunangotsala kamzere kofiira m'mbali, kopyapyala ngati chikhadabo cha sabata imodzi.

"Chakula, sindikunamizani, koma chakula chomwechi. Muziwerenga mamendulo, osati machesi a pagalasi. Koma tamverani, ine ndine telala, dokotala sindine. Chipatala si icho? Nyamukani panopa. Diresi silithawa, ndipo lopanda maluwa ine sindisoka."

Ndinanyamuka. Miyendo imene inakana masiku atatu inayenda yokha. Pamzere ndinadikira mpaka masana, ndinapeza adokotala ena, aakazi. Anayeza ndi karula, anawerenga zimene anzawo analemba m'buku miyezi itatu yapitayo, anati kusiyana kwake n'kochepa, n'kumene amayembekezera pa msinkhu umenewu. Anandionetsa pakati pa chotupa pamene panayamba kutuwa, anati chimenecho n'chizindikiro chabwino, chayamba kutopa. Za chipatala chachikulu sanatchule n'komwe. Nditawauza za Loweruka nkhope yawo inasintha, anati, "Mayi, chimenecho chokha ndiye chingaike mwanayu pangozi. Asayerekeze munthu." Anandipatsa tsiku lobweranso.

Pobwerera ndinadzera kwa akatekisiti kuwauza kuti tidikira Pasaka. Koma mtima unali usanakhazikike, chifukwa mawu a adokotala apongozi anali atawamva kale kamodzi, ndipo chithunzi chinawagonjetsa. Buku lachingerezi silikanawatembenuza. Loweruka linali likubwerabe.

Apongozi anafika dzuwa litangokwera, pa kabaza kuchokera kumsewu, atanyamula milamba yowamba m'kapepala. Pakona ya chitenje chawo panali mfundo, ndipo ine ndi maso angawa ndinadziwa kuti muli lezala latsopano, chifukwa bambo wotema mphini uja amafuna aliyense abwere ndi lake. Ndinawayalira mphasa, ndinawapatsa madzi, ndinagwada. Anati tisachedwe, minibasi za ku Liwonde zimadzaza. Ndinati mumtima, Ambuye, ndi pano.

"Amayi, ndisanabereke mwana, ndifunse nawo kanthu kamodzi. Ine ndine mwana, mwina sindikuona bwino."

"Funsani."

Ndinawapatsa foni, timabokosi tiwiri tija tili pagalasi. Anati achiona kale, sakufuna kuchionanso. Ndinati, "Iyayi amayi, osati chotupacho. Mendulo yanuyi. Kuno ndi iyi, kuno ndi iyi. Ndimafuna mundiuze ngati imakula."

Anatalikitsa foni ndi maso monga amachitira akuluakulu. Anayang'ana. Sitima ya katundu inadutsa kunjanji, yaitali ija, mabogi osatha, iwo maso ali pagalasi. Itatha sitima anaika foni pamphasa, anakoka Tere, anamukhazika pamiyendo, anatsegula kamalaya. Sindinawauze chochita. Okha anatenga mendulo ndi zala ziwiri, anaigoneka pa chotupa. Kamzere kofiira kaja kanasuzumira m'mbali, basi.

"Mendulo iyi," anatero pang'onopang'ono, "anandiveka amayi anga tikuchoka ku Mozambiki, ndili kamtsikana. Yakalamba nane. Sinakulepo."

Ndinawafotokozera za kufinya ndi kukoka monga anandiphunzitsira Abiti Mussa, ndinaika zala ziwiri pagalasi, wadwala, wachira. Ndinawauzanso zimene ananena adokotala dzulo lake. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako ndinaona misozi ikutsika, osapukuta. Anati, "Mwana wanga, ine ndimaopa kuchedwanso. Kamodzi kaja kanandikwana." Ndinati ndikudziwa amayi, ndipo tinalira tonse awiri, Tere ali pakati akudya chingwe cha mendulo.

Atapukuta m'maso anati ndiimbire mwana wawo. Tinakwera pachulu tonse, iwo atagwira dzanja langa, ndinaika foni pa mawu okweza.

"Iwe Fanuel! Ku Joni unapita kukagwira ntchito kapena kukaphunzira kukulitsa zinthu? Wandiyendetsa kuchokera ku Liwonde ndi lezala m'chitenje chifukwa cha timabokosi tako. Tayang'ana mendulo pachithunzi chakocho. Wayang'ana? Tsopano ubwere udzajambule nkhokwe yanga, uikulitse chomwecho, tidye mpaka chaka chamawa."

Kenako ndinamva mwamuna wanga akuseka, kuseka kosweka, ndipo anati, "Mayi a Tere, mundikhululukire. Kuno ndilibe mwana woti ndimugwire, ndili ndi galasi lokha." Mawu amenewo anandichotsera kaukali konse kamene ndinasunga. Iyenso anali wamantha ngati ine, kungoti mantha ake anali kutali.

Tsiku limenelo sitinapite kulikonse. Tinaphika milamba ija, apongozi anagona masiku awiri, anabwerera Lolemba. Lezala lija analisiya pawindo, likadali m'pepala lake.

Tere anabatizidwa pa Pasaka pamodzi ndi ana anzake, mosathamanga. Diresi linatuluka ndi maluwa atatu pachifuwa, ndi kachipewa kamene sindinaitanitse, Abiti Mussa anati nsalu inatsala. M'mawa wa ubatizo tinapeza timaulusi tikulendewera kumpendero, sizasi panyumba panalibe. Apongozi anayang'ana pawindo, anatenga lezala lija, analivula pepala, anadula timaulusi timodzitimodzi. Ntchito imene lezala limenelo linagwira pa mwana wanga ndi yomweyo.

Lero Tere ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi. Chotupa chinaima monga ananenera adokotala, chinayamba kutuwa, chikuphwa. Panopa mendulo ikagona pamenepo imaphimba chonse, malo n'kutsala. Ndimapitabe naye kuchipatala pa masiku amene amandipatsa. Mwezi uliwonse ndimajambula, mendulo ili pambali, ndipo bambo ake akalandira amayamba ayang'ana mendulo, kenako chotupa. Ndikapita ku Balaka ndimadzera pakhonde paja, Abiti Mussa akangondiona amakuwa kuti, "Amao, yakula?" Ine ndimati sinakule. Iwo amati alihamudulila, ine ndimati Ambuye atamandike, makina n'kumapitiriza kulira.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mawu ochepa. Ndinapempha chonena, ndipo anandipatsa funso limodzi lokha, la mawu atatu, loti ngakhale mpongozi wogwada angathe kulifunsa popanda mwano. Sanalitumize kudzera kwa munthu wa mpingo wanga kapena wa sukulu zambiri, analiika mkamwa mwa telala wa chipembedzo china, pa ulendo umene ine ndinkati ndi wotsanzika. Ndipo mboni yake anali ataipachika kale pakhosi pa mwana, ndi manja a munthu yemweyo amene ndinkamuopa, miyezi isanu ndi umodzi vuto lisanafike. Ndikaganiza zimenezi ndimangokhala pansi. Ndikuthokozanso adokotala onse awiri, amayi a m'limana amene anandipempherera osadziwa zonse, ndi apongozi anga amene sanachite manyazi kusiya lezala.

Amayi anzanga, makamaka inu amene amuna anu ali kutali ndipo ana akukulira pafoni, ndikupempheni. Mukajambula chotupa, bala kapena chilichonse cha pathupi pa mwana, ikani pambali kanthu kamene aliyense akudziwa msinkhu wake, batani, bokosi la machesi, chitsekerero. Musayeze pagalasi ngati ine. Ndipo musaope chipatala mpaka kuuma masiku atatu ngati ine, chifukwa si chotupa chilichonse chimene chili ngati cha Tere, china chimafunadi kuthamanga nacho. Amene angakuuzeni ndi amene ali ndi karula, osati lezala.

Ndipo inu amene vuto lanu si la mwana, koma lakudzazirani galasi lonse moti simukuonanso china, limbani mtima, musaleke kupemphera ngakhale ndi mawu ochepa. Mantha nawo ali ndi zala ziwiri, amadziwa kukoka. Yang'anani m'mbali mwa vutolo, mwina muli kanthu kamene Mulungu anaikamo kale, kamene mukudziwa msinkhu wake weniweni.

Ndilekeze pano, mwiniwake wa nkhaniyi wabwera, wagwira mwanapiye pakhosi ndipo make wa mwanapiyeyo akumuthamangitsa. Mendulo ikulendewera pachifuwa, yodzaza dothi, yaing'ono ngati tsiku lija inachoka pakhosi pa agogo ake. Ambuye akudalitseni nonse. Amen.